Mtsutso wadzulo: nanga poti akuluakulu awiriwo sanabwere, tisankha bwanji?

(Macheza a pa gulu la banja la pa foni mu 2025, chisankho cha pa 16 Sepitembala chisanachitike.)

Tiyamike: Mwadzuka bwanji nonse a pagulu pano. Pepani ndayambitsa zandale m'mamawa, ndikudziwa kuti amayi aakulu anatiletsa chaka chatha. Koma ine pa 16 Sepitembala ndikukavota koyamba ndipo mutu wazungulira. Dzulo ndinakhala pansi kuonera mtsutso wa ofuna mpando wa pulezidenti, wa ku holo ya BICC ku Lilongwe, mpaka kumapeto, cholembera m'manja, ndimati ndimve mfundo zawo ndisankhepo mmodzi. Anabwera ndi mayi Joyce Banda, a Atupele Muluzi ndi a Dalitso Kabambe. A Chakwera ndi a Mutharika, omwe anthu akuti ndiwo akulimbirana mpandowu, kunalibe. Ndiye ndisankha bwanji poti akuluakuluwo sindinawamve?

Nachisale: Wadzuka bwanji mwanawe. Ine sindinaletse zandale, ndinaletsa kutukwanana. Kambani, koma woyamba kutchula mtundu wa mnzake ndimutulutsa ndekha.

Kondwani: kkkk Tiya unangowononga bandulo yako. Pa siteji pano anzanga onse a kabaza palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonera, koma aliyense akudziwa kale pomwe akachonge. Munthu wagona pa mzere wa petulo masiku awiri, ukamuuze kuti amvere kaye mtsutso?

Tiyamike: Achimwene, ndiye inu mukuvotera kukwiya basi?

Kondwani: Kukwiya nakonso ndi mfundo.

Bambo a Mphatso: Alamu a Tiyamike, musadandaule ndi kusabwera kwa anthu awiriwo. Onsewa alamulapo dziko lino, wina kuyambira 2014 mpaka 2020, wina kuyambira 2020 mpaka lero. Mtsutso wawo unachitika kale, unachitikira mumsika. Inu ingofunsani kuti shuga, sopo ndi feteleza zinali ndalama zingati nthawi ya uyu, nanga zili pa zingati nthawi ya uyo. Mtsutso ndi wa anthu amene sitikuwadziwa.

Yohane Joni: Alamu, mfundo yanuyo ikumveka koma ili ndi dzenje. Mayi Joyce Banda nawonso alamulapo, 2012 mpaka 2014, koma anabwera kudzayankha mafunso. Kulamulapo ndiye chifukwa chenicheni choti munthu abwere, chifukwa ali ndi zoti ayankhepo. Wina tikanamufunsa za kwacha yomwe inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Winayo tikanamufunsa za chisankho cha 2019 chija khoti linachithetsa, ndi kuzimazima kwa magetsi kwa 2017. Pa msonkhano wa chipani palibe amene amakudula pakamwa. Umayankhula, amayi amalulutira, ng'oma imalira, wapita.

Bambo a Mphatso: Chisankho cha 2019 anayendetsa ndi a MEC, osati munthu amene anapambana.

Yohane Joni: Ndipo amene ankatsogolera MEC nthawi imeneyo, mayi Jane Ansah, lero ndi amene akuima ndi a Mutharika ngati wachiwiri. Sindikuti n'kulakwa. Ndikuti ndi funso loti munthu akanaliyankha ndi pakamwa pake dziko lonse likumva.

Nachisale: Yohane, iwe uli ku Joni, suvota n'komwe. Chepetsa moto.

Yohane Joni: Amayi, sindivota inde, lamulo silitilola kuvotera kunja kuno. Koma ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi ija imagula zochepa chaka chilichonse. Chisankhochi chikundikhudza m'thumba.

Aphunzitsi Opuma: Ndadzuka bwino ana anga, ndimawerenga mwakachetechete. Tiyamike, mphwanga, funso lako ndi labwino ndipo usachite nalo manyazi. Ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso angawa, mwina zikuthandiza kuposa kukuuza dzina la munthu.

Mu 1994 ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pa ntchito ya uphunzitsi. A Bakili Muluzi analonjeza maphunziro aulere a pulayimale, ndipo atapambana mu Meyi chaka chomwecho lonjezo analikwaniritsa. Sanatinamize ayi. Teremu itatsegulidwa, ana m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ine kalasi langa la Sitandade 1 linali pansi pa mtengo wa mango, ana oposa 140, bolodi limodzi lotsamiritsa pa thunthu. Mvula ikangoti waa, sukulu yatha. Boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri omwe sanapite ku koleji, kuwaphunzitsa milungu yowerengeka n'kuwapatsa choko. Ena mwa iwo anadzakhala aphunzitsi abwino kwambiri, sindikuwanyoza. Ndipo ana ambiri amene akanakhala akuweta mbuzi anadziwa kulemba dzina, mayi ako omwe ali m'gulu limenelo.

Koma tonsefe mu 1994 tinafunsa funso limodzi lokha: kodi achitadi? Palibe anafunsa kuti makalasi amanga angati, aphunzitsi awatenga kuti, mabuku agula ndi ndalama ziti. Lonjezo limatha kukwaniritsidwa koma n'kukusiya ukulira. Tsopano ndamva kuti a DPP akulonjeza sekondale yaulere. Ine sindikutsutsa, adzukulu anga apindula nazo. Koma ndikanakonda wina aime pamaso pa wofunsa wosaopa, afunsidwe kuti ana omaliza Sitandade 8 omwe malo ku sekondale amawasowa kale aja akakhala pati. Ntchito ya mtsutso ndi imeneyo. Si mpikisano wa Chizungu.

Tiyamike: Zikomo malume. Koma ndiye poti sanabwere, funso limenelo ndikalifunsa kuti?

Mercy: Ulifunse pa pepala, msuweni. Manifesito onse anatuluka, ndipo ine matenda a ntchito yanga ya maakaunti, ndikangoona nambala dzanja limayabwa. Taona izi.

A DPP akuti dera lililonse la phungu lizilandira K5 biliyoni pa chaka. Madera chaka chino ndi 229, osati 193 ngati kale. 229 kuchulukitsa ndi 5 ndi K1,145 biliyoni, kutanthauza K1.1 thililiyoni ndi kakuti. Bajeti yonse ya dziko ya 2025/26 ndi pafupifupi K8 thililiyoni, ndipo mwa imeneyo yoposa K2 thililiyoni ikungopita kolipira chiwongoladzanja cha ngongole, isanagule ndi panado yemwe.

A MCP akuti mwana aliyense wobadwa azitsekuliridwa akaunti ya K500,000. Tingoyerekeza kuti pa chaka pabadwa ana 600,000, ndiye kuti K300 biliyoni chaka ndi chaka.

A UTM akuti boma lililonse K100 biliyoni pa chaka. Maboma tili nawo 28. Imeneyo ndi K2.8 thililiyoni, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti yonse.

Sindikunena kuti n'zosatheka. Ndikunena kuti ndalama sizigwa ngati mvula. Zichokera pa msonkho, pa ngongole, pa kudula zina zomwe boma limalipira, kapena pa kusindikiza, ndipo kusindikizako tikukudziwa zomwe kumachita ndi mtengo wa ufa. Aliyense akakulonjeza nambala, mufunse kuti mwa zinayizi watenga iti.

Kondwani: Msuweni wanga wokondedwa, mwakwatiwa kale koma mukadali ndi nzeru kkkk. Ine ndimaona ngati K5 biliyoni ndi yochepa, kani ukaphatikiza ndi phiri.

Mercy: Iwe Kondwani, ng'ombe za malowolo unalephera, khala chete.

Bambo a Mphatso: Mayi a Mphatso, pa nkhani ya K5 biliyoni mwasiya mbali ina. Ndalama zimenezo sikuti zonse ndi zatsopano. Zambiri ndi zomwe zimakhala kale ku maunduna ku Lilongwe, kungoti zizipita kumadera kuti anthu azisankha okha chitukuko chawo. Mlatho wa kwathu ku Thyolo sungadikire munthu wa pa Capital Hill amene sanapondeko.

Mercy: Ngati zili choncho ndi yankho labwino, bambo a Mphatso. Koma mwayankha ndinu, pa foni, m'chipinda chochezera. Ndimafuna ayankhe mwini wake, atchule unduna umene auchotsere ndalamazo, komanso amene aziziyang'anira zikafika kuderako. Thumba la chitukuko cha m'madera lomwe lilipo kaleli ndi laling'ono, koma madandaulo a kasamalidwe kake satha.

Nachisale: Awiri inu muli nyumba imodzi, mukulemberana pa gulu chifukwa chiyani?

Kondwani: kkkkkk amayi aakulu mwandipha

Nachisale: Ine ndikambeko zanga. Manambala a Mercy ndawamva koma mutu wanga sugwira mathililiyoni. Changa ndi thumba la feteleza. Mu 2020 anatiuza kuti tizigula pa K4,495, ndipo chaka choyambacho ndinaguladi matumba awiri pa mtengo umenewo, ndinakolola ngolo zinayi, sindingakane. Chaka chotsatira anati K7,500. Kenako K15,000. Kenako dzina langa silinatulukenso pa mndandanda, ndinayenda maulendo atatu kukafunsa, aliyense kumangondiloza kwa mnzake. Lero wa m'sitolo wadutsa K100,000 kalekale. Ndiye mwana wanga Tiyamike, munthu akamayankhula bwino pa wayilesi ine ndimamva kukoma, koma ndimakumbuka kuti a 2020 aja nawonso ankayankhula bwino zedi. Kudya katatu pa tsiku, ntchito 1 miliyoni. Tinavina.

Yohane Joni: Amayi, komatu kuti tinene chilungamo, panagwanso zinthu zomwe palibe anazilemba mu manifesito. Covid, nkhondo ya ku Ukraine yomwe inakweza feteleza dziko lonse lapansi mu 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023, kenako chilala chija. Kuno ku Joni nakonso zinthu zinakwera.

Bambo a Mphatso: Zinakwera ngati kwathu kuno, alamu? Dola ku banki akuti K1,750 koma kulibe, pa msewu yadutsa K4,000.

Yohane Joni: Ayi, sizinafike pamenepo. Pamenepo ndavomera.

Aphunzitsi Opuma: Yohane wakhudza chinthu chofunika ngakhale wachisiya msanga. Mtsogoleri aliyense amakumana ndi zomwe sanalonjeze. A Bingu wa Mutharika analowa mu 2004, chaka chotsatira njala. Anayambitsa makuponi a feteleza mu 2005 abwenzi akunja ena akukana, chimanga chinachuluka, ndipo mu 2009 anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 aliwonse. Munthu yemweyo pofika 2011 mafuta kunalibe, ndalama zakunja kunalibe, ndipo pa 20 Julayi anthu anafa m'misewu. Manifesito sangakuuze kuti munthu adzatani zinthu zikadzavuta. Apa ndi pomwe mtsutso umaposa pepala. Umaona munthu akafunsidwa funso lomubaya: kodi amakwiya? Amazemba? Amavomera kuti apa ndinalakwa? Amanyoza wofunsayo? Mphwanga, dzulo unaona zotani pamenepo?

Tiyamike: Malume, ndinalemba. Popanda kutchula maina poopa amayi aakulu: wina manambala amawadziwa ndipo sachedwa kuyankha, koma akayamba mawu a zachuma a Chizungu aja ndimatayika, ndiye sindidziwa ngati akunena zoona kapena akungondiposa sukulu. Wina amayankhula modekha, zomveka, koma ndikabwerera pa zomwe ndalemba ndikupeza kuti sananene kuti achita bwanji. Wina amangobwerera ku zomwe anachita kale.

Kondwani: Watchula onse atatu popanda kutchula dzina kkkk

Mercy: Tiya, za woyambayo usadzione ngati mbuli. Munthu wofuna voti yako ndi udindo wake kuyankhula zoti umve. Koma ukhozanso kumuyesa ndi ntchito zake zakale ngati mmene bambo a Mphatso akunenera za enawo. A Kabambe anali gavanala wa Reserve Bank kuyambira 2017 mpaka 2020. A Atupele akhalapo nduna m'maboma awiri, la mayi Banda ndi la a Peter Mutharika. Mayi Banda analowa mu Epulo 2012 mafuta akusowa, anamasula kwacha mwezi wotsatira, mafuta anabwerera koma katundu anakwera, ndipo Cashgate, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ija, inaphulika mu 2013 iwo ali pampando. Palibe mlendo pamenepa. Aliyense ali ndi munda womwe analimapo, ukhoza kukaona mizere yake.

Bambo a Mphatso: Koma tinene zoona, mtsutso sunapambanitsepo munthu m'Malawi muno. Mu 2019 malemu a Chilima ndi amene anthu ankawatama kuti amatha kuyankhula, achinyamata onse m'tauni anali nawo. Anapeza 20 peresenti. A Mutharika sanapite ku mtsutso, analengezedwa opambana ndi 38.

Yohane Joni: Ndipo khoti linathetsa zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020, tisaiwale. Komanso kuthawa mtsutso si mankhwala. Mu 2014, chaka chomwe mitsutsoyi inayamba, mayi Banda anali pulezidenti ndipo sanapiteko. Anathera pa nambala 3. Ku Kenya mu 2017 a Uhuru Kenyatta sanabwere, a Raila Odinga anaima okha pa nsanja. Mu 2022 zinatembenuka, a Raila ndiwo anakana, a William Ruto anayankha mafunso okha ndipo ndiwo anatenga boma. Ndiye palibe lamulo apa. Amene akudziona kuti ali patsogolo amaopa kupunthwa pa kanema, nkhani ndi imeneyo.

Aphunzitsi Opuma: Apongozi, bambo a Mphatso, ndikuyankheni mwaulemu. Mukunena zoona kuti mtsutso supambanitsa munthu. Koma mphwangayu sanafunse kuti apambana ndani. Wafunsa kuti iye asankhe bwanji. Awa ndi mafunso awiri osiyana, ndipo ife Amalawi timakonda kuwasakaniza. Timafuna kuvotera amene apambane, ngati tikubetcha mpira.

Bambo a Mphatso: Ndamva, bambo. Koma voti yoponyera munthu amene sangapambane si yotaya?

Tiyamike: Eya, ili ndi funso langanso. Anzanga akundiuza zomwezo.

Aphunzitsi Opuma: Kale zinali ndi kamutu. Mu 2014 munthu analowa ku nyumba ya boma ndi 36 peresenti, anthu 64 pa 100 aliwonse atavotera ena. Koma chigamulo cha 2020 chija chinamasulira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse, chimene timati 50+1. Pakapanda wofika pamenepo, awiri oyambirira amabwerezanso. Ndiye ukavotera wamng'ono amene wakukhutiritsa, voti yako yagwira ntchito ziwiri: yawerengedwa kwa iye, komanso yakweza phiri loti akuluakuluwo akwere. Pakakhala chibwereza, akuluakuluwo amapita kukagwada kwa ang'onoang'ono aja, ndipo mfundo zina zimalowa m'boma kudzera pa khomo limenelo. Mgwirizano wa Tonse unabadwa chifukwa cha lamulo lomweli. Kuti unayenda bwanji pambuyo pake, imeneyo ndi nkhani ina.

Koma ngati mumtima mwako chachikulu n'choti mmodzi mwa awiriwo asalowe kapena asabwerere, kuvotera mnzakeyo mwachindunji nakonso ndi nzeru. Sindikusankhira.

Kondwani: Malume, pa balotipo pali anthu 17. Ena ngakhale akazi awo sawavotera.

Nachisale: Kondwani!

Kondwani: Pepani amayi aakulu.

Mercy: China chomwe sitikuchikamba: wachiwiri. Dziko lino laona kale. A Bingu anamwalira mu Epulo 2012 ali pampando, amene anatenga dziko ndi wachiwiri wawo yemwe anali atachotsedwa kale m'chipani. Chaka chathachi pa 10 Juni tinataya wachiwiri kwa pulezidenti ku Chikangawa. A Mutharika ali ndi zaka 85, a Chakwera 70. Sindikulosera zoipa, moyo ndi wa Mulungu, koma ukamachonga pa pepala paja ukuchonga anthu awiri. Uyang'ane mayi Ansah, uyang'ane a Vitumbiko Mumba, a Matthews Mtumbuka, onsewo, n'kudzifunsa ngati ungagone tulo mmodzi wa iwo atadzuka ali pulezidenti.

Yohane Joni: Ndi phungu yemwe. Bajeti yomwe Mercy akuwerengayo imadutsa ku nyumba ya malamulo. Malume akukumbuka mmene a Bingu anavutikira pakati pa 2005 ndi 2009, aphungu otsutsa akukana kukambirana bajeti mpaka nkhani ya Gawo 65, lamulo lokhudza aphungu osintha chipani, ithe.

Aphunzitsi Opuma: Ndikukumbuka bwino. Tinkangomva pa wayilesi mikangano, ife malipiro tili pa mzere. Koma za phungu tidzakambe tsiku lina, kwathu kuno aima asanu ndi awiri ndipo atatu ndinawaphunzitsa ndekha. Mmodzi sankatha long division.

Kondwani: kkkkk mutiuze dzina malume

Aphunzitsi Opuma: Ayi.

Tiyamike: Koma ndifunse chinthu chimodzi mosabisa, amayi aakulu musanditulutse. Tonse pano tikukamba mfundo, manambala, mitsutso. Koma zotsatira zikamatuluka timaona chigawo chapakati mtundu umodzi wa nsalu, kummwera wina, ngati mapu a m'kalasi. Kodi alipo pano amene anasinthapo voti chifukwa cha zomwe anamva pa mtsutso? Kapena timangofuna zifukwa zokometsera wakwathu?

Bambo a Mphatso: Alamu mwabaya.

Nachisale: Sindikutulutsa, wafunsa mwaulemu. Ine ndiyankhe ndekha. Chiyambire 1994 ndavotera tambala, chifukwa bambo anga ankavotera tambala, ndipo m'mudzi muno ukavala nsalu ina anthu amakuyang'ana pa chitsime. Mtsutso sindinauonerepo ndi umodzi womwe, ndimangomva kwa ana. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Chaka chino sindinaganize. Ndikunena zoona, sindinaganize.

Bambo a Mphatso: Poti amayi anena poyera, inenso ndinene. Mu 2019 ndinasiya chipani cha kwathu n'kuvotera a Chilima, ndipo chinandikopa ndi mtsutso womwewo. Kunyumba ku Thyolo sindinauze munthu mpaka lero. Ndiye ndikamati mtsutso supambanitsa munthu, ndikuyankhula ngati munthu amene unamugwirapo.

Mercy: Zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba imodzi, ndikumva lero pa gulu.

Kondwani: Ukwati wa chinsinsi kkkkk. Ine ndapeza kasitomala wa ku Area 25, tionana. Tiya, ukapeza amene akunena zomveka za mafuta, osati zoti "tithana nazo" koma kuti madola ogulira mafutawo awapeza kuti, undiuze. Mwina ndimumvera.

Tiyamike: Achimwene ndakugwirani mawu. Msuweni Mercy, manifesito aja muli nawo pa foni? Munditumizire onse, ngakhale a amene sanabwere. Ndikufuna ndione masamba atatu okha: za ntchito za achinyamata, za ndalama zakunja, ndi za feteleza wa amayi aakulu. Paliponse pomwe pali nambala ndizikufunsani.

Mercy: Ndikutumiza madzulo ndikafika pa intaneti ya ku ofesi, ndi aakulu, angakudyere bandulo yonse. Ukonzekere, ena ndi masamba oposa 100.

Aphunzitsi Opuma: Mphwanga, ukafika pa tsamba la penshoni undiimbire, undiwerengere mokweza. Magalasi anga anathyoka mwendo.

Nachisale: Za feteleza undiwerengerenso ine, m'Chichewa. Tsopano popeza nonse mwadzuka ndipo mabandulo muli nawo, za chinkhoswe cha Loweruka lija anthu anayi okha ndi amene apereka. Yohane, iwe ndi woyamba pa amene sanapereke.